Ana okulira m'mphepete mwa migodi ya Rustenburg: kodi kafukufuku akuwaona?

Mwana amene adali ndi zaka 6 pa 16 Ogasiti 2012, tsiku limene apolisi adawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi wa kampani ya Lonmin ku Marikana, adakwanitsa zaka 18 m'chaka cha 2024. Mnzake amene adali ndi zaka 12 mwina tsopano akulera ana ake. Za imfa za tsiku limenelo zidalembedwa zambiri. Komiti ya woweruza Ian Farlam idamva mboni kwa zaka ziwiri ndipo lipoti lake lidatuluka mu Juni 2015. Koma ana amene ankamva kulira kwa maliro m'zisakasa za ku Nkaneng, amenenso adapirira miyezi isanu ya sitalaka ya 2014 m'nyumba zopanda ufa, adakula mwakachetechete. Lero ambiri mwa iwo ndiwo aima pamzere wofuna ntchito pazipata za migodi yomweyo.

Nkhani ya ana amenewa si ya eni dziko la South Africa okha. Njira ya ku Joni Amalawi adaiyamba kalekale. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchito za m'migodi. Theba idadzayambiranso, kenaka n'kutheratu kuyambira mu 1988 chifukwa cha mkangano wa kuyeza magazi. Ngakhale zidatero, maulendo sadathe. Opita lero ambiri salowa pansi panthaka, koma amasoka, amamanga, amalima m'mafamu, amagwira ntchito za m'nyumba, ndipo ena mwa iwo ndi anyamata ndi atsikana amene angosiya kumene sukulu ku Mangochi, ku Nkhata Bay kapena ku Mzimba. Kumene kuli mgodi kumayenda ndalama, choncho nawo amafika ku Rustenburg.

Mzindawu uli m'chigawo cha North West, makilomita oposa 100 kumadzulo kwa Pretoria, ndipo dera lake lili ndi anthu oposa theka la miliyoni, amuna ochuluka kuposa akazi. Pansi pake pali mwala wa pulatinamu, chitsulo chimene chimaikidwa m'mapaipi a utsi a galimoto kuti chichepetse poizoni, ndipo South Africa imatulutsa pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a pulatinamu yense wa padziko. Makampani atayamba kupereka ndalama yoti wantchito akadzipezere yekha pogona m'malo mokhala m'komponi, ambiri adasankha chisakasa cha malata kuti yotsalayo atumize kumudzi. Umo ndi momwe madera ngati Nkaneng ndi Freedom Park adakulira. Mu 2006 Lonmin idalonjeza boma kuti imanga nyumba 5,500 pofika 2011. Idamanga zitatu. Mwana wa kumeneko amakula akuona chuma chikutuluka pansi pa mapazi ake, iye akutunga madzi pampopi umodzi ndi mabanja ena ambirimbiri.

Zimene akatswiri adapeza kale

Pa nkhani ya thanzi la m'maganizo, zaka za unyamata ndizo zofunika kuziyang'anitsitsa. Bungwe la WHO limati mmodzi mwa ana 7 alionse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la m'maganizo, ndipo kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zimene zimapha anthu a zaka 15 mpaka 29. Marco Solmi ndi anzake ataphatikiza zotsatira za kafukufuku wa m'maiko ambiri, adapeza kuti mwa anthu odwala matenda a maganizo, mmodzi mwa atatu adayamba asanakwanitse zaka 14, pafupifupi theka asanakwanitse 18, ndipo oposa 6 mwa 10 asanakwanitse 25. Apa tanthauzo lake ndi lakuti bambo wa zaka 40 amene mowa wamugonjetsa, kapena mayi amene tulo sakuliona, nthawi zambiri vuto lake lidayamba ali pasukulu, pamene padalibe womufunsa.

South Africa siili m'mbuyo pa kafukufuku. Pakati pa 2002 ndi 2004 kafukufuku wa South African Stress and Health adafunsa anthu oposa 4,300 a zaka 18 kupita m'tsogolo, n'kupeza kuti 30 mwa 100 alionse adadwalapo matenda a maganizo pamoyo wawo, ndipo mwa odwala m'chaka chimenecho, mmodzi yekha mwa anayi ndiye adalandira chithandizo. Ku Soweto, kafukufuku wa Birth to Twenty wakhala akutsatira ana oposa 3,200 obadwa mu 1990, aja adawatcha ana a Mandela. Linda Richter ndi anzake adalemba mu 2018 kuti 99 mwa 100 a ana amenewa adachitiridwapo nkhanza kapena kuona wina akuchitiridwa. Kafukufuku wa Optimus, wa 2016, adapeza kuti mmodzi mwa achinyamata atatu a zaka 15 mpaka 17 adachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana, anyamata ndi atsikana omwe. Ku Eastern Cape, kumene kumachokera ambiri mwa oboola miyala a ku Marikana, Lucie Cluver ndi gulu lake adatsatira achinyamata oposa 1,000 okhala ndi HIV pa kafukufuku wa Mzantsi Wakho. Zonsezi ndi ntchito zolemera. Komabe woyang'ana pamapu aona kuti kafukufuku wotchuka wotsatira ana kwa zaka zambiri amamera pafupi ndi mayunivesite aakulu kapena kumudzi kumene wantchito amachokera. Kumgodi kumene, kumene anthu amabwera ndi kupita, n'kovuta kutsatira mwana mmodzi kwa zaka khumi, ndipo opereka ndalama za kafukufuku sakonda malo amene theka la ofunsidwa lingasowe pofika chaka chamawa.

Chiwerengero chodziwika kwambiri cha ku Rustenburg chidachokera ku bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières, kapena kuti MSF. Mu 2015 bungweli lidayenda khomo ndi khomo kufunsa amayi oposa 800 a zaka 18 mpaka 49. Lipoti lake, limene lidatuluka mu 2016, lidasonyeza kuti mayi mmodzi mwa anayi adagwiriridwapo, ndipo pafupifupi theka adachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana kapena nkhanza za mwamuna wawo. Mwa ogwiriridwawo, 95 mwa 100 sadauzepo wachipatala aliyense. Chaka chotsatira, akatswiri a bungweli ataunikanso ziwerengerozo adati mwa amayi atatu alionse odwala matenda okhumudwa m'derali, mmodzi matenda ake adachokera ku nkhanza zoterezi, chimodzimodzinso mmodzi mwa asanu okhala ndi HIV. Mogwirizana ndi nthambi ya zaumoyo ya chigawo cha North West, MSF idathandiza kutsegula malo otchedwa Kgomotso Care Centre, monga a ku Boitekong, kumene wovulazidwa ankapeza namwino, mlangizi ndi wothandiza pa zaumoyo wa banja pakhomo limodzi. Mawu akuti kgomotso m'Chitswana amatanthauza chitonthozo.

Kafukufuku ameneyu ndi wofunika kwambiri pa nkhani ya achinyamata, pazifukwa ziwiri. Choyamba, adasonyeza kuti kukhumudwa sikugwa kuchokera kumwamba ngati mphezi: kuli ndi gwero lake lodziwika, lomwe lingathe kupewedwa. Chachiwiri, amayi ofunsidwawo ndiwo akulera ana a m'zisakasa zija. Chipupa cha lata sichibisa mawu. Mayi akamamenyedwa usiku, mwana amene wagona pansi kuseri kwa chinsalu amamva zonse, m'mawa n'kupita kusukulu kumene aphunzitsi angoona kuti akusinza.

Amene sadawerengedwe

Kafukufuku aliyense ali ndi malire, ndipo si mlandu kutero. Koma owerenga malipoti ayenera kufunsa kuti watsala kunja kwa mpanda ndani. Wa MSF adayambira pa zaka 18 ndipo adafunsa akazi okha. Mtsikana wa zaka 15 sadalimo. Mnyamata, wa msinkhu uliwonse, sadalimo.

Za anyamatazi zikufunika kuzikhalira pansi. Ziwerengero za WHO za 2019 zidasonyeza kuti ku South Africa amuna odzipha amachuluka pafupifupi kanayi kuposa akazi, ndipo malipoti a apolisi a ku Malawi nawo akhala akusonyeza kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna. Mnyamata wa kumgodi amaphunzira msanga kuti mwamuna salira. Bambo ake amatsika mtunda wa kilomita kapena kuposerapo pansi panthaka tsiku ndi tsiku, osadziwa ngati abwerako. Pa 27 Novembala 2023 chikepe chonyamula antchito pamgodi wa nambala 11 wa Impala Platinum chidatsetsereka mwadzidzidzi. Anthu 11 adafa tsiku lomwelo, ndipo chiwerengero chidadzafika pa 13. Pambuyo pa ngozi yotere pamakhala mwambo wa chikumbutso, chipukutamisozi ndi kafukufuku wa chimene chidalakwika pa makina. Mnyamata amene bambo ake adapulumuka koma asiya kulankhula, kapena ayamba kumwa kuyambira m'mawa, salowa m'kaundula aliyense. Iye akayamba kusuta nyaope, mankhwala ozunguza bongo osakaniza ndi heroin amene awononga achinyamata ambiri m'makomboni a dzikolo, anthu amamuwerenga ngati vuto la apolisi.

Lamulo nalo lili ndi mbali yake. Gawo 71 la lamulo la zaumoyo la National Health Act limafuna kuti kholo kapena womulera mwana mwalamulo avomereze mwana wosakwana zaka 18 asanalowe m'kafukufuku wa zaumoyo. Cholinga chake n'chabwino, kuteteza ana. Koma m'dziko lomwelo lamulo la ana limalola mwana wa zaka 12, ngati ali wozindikira, kuvomera yekha kulandira chithandizo cha kuchipatala. Choncho mtsikana wa zaka 16 amene akukhala ndi azakhali ake ku Freedom Park, mayi ake ali ku Lesotho kapena ku Mozambique, angathe kukalandira mankhwala yekha, koma wofufuza amavutika kumufunsa mmene akugonera usiku. Komanso kafukufuku wambiri wa achinyamata amachitikira m'sukulu, poti ndiko amapezeka ali pamodzi. Wosiya sukulu, yemwe ndiye ali pachiopsezo chachikulu, amatsalanso.

Nanga mlendo? Mnyamata wa ku Malawi amene masiku a pasipoti yake adatha akaona munthu wonyamula mapepala a mafunso akubwera, amatseka chitseko. Mantha ake si opanda pake. Mu 2025 magulu monga Operation Dudula adaima pazipata za zipatala zina ku Gauteng kubweza alendo, mpaka khoti lalikulu ku Johannesburg lidagamula mu Novembala chaka chomwecho kuti gululo lilibe mphamvu zofunsa munthu ziphaso. Malamulo oyendetsera dzikolo, pa gawo 27, amati aliyense ali ndi ufulu wofikira chithandizo cha zaumoyo. Koma mbiri ya kubwezedwa imayenda mofulumira pa WhatsApp kuposa chigamulo cha khoti, ndipo munthu amene akuopa kupita kuchipatala ndi bala looneka sangapiteko kukanena kuti mtima wake sukukhazikika.

Ndiye pali nkhani ya chiyankhulo. Kumigodi kwakhala kukugwiritsidwa ntchito Fanakalo, chiyankhulo chosakaniza chimene chidakulira pantchito, cholamulira ndi kuchenjezana. N'chokwanira kuuza mnzako kuti mwala ukugwa, koma palibe amene angafotokozere m'Fanakalo chimene chimamudzutsa pakati pausiku. Wachichewa akavutika m'maganizo sanena dzina la matenda. Amati akuganiza kwambiri, mtima ukumuwawa, mutu waima, thupi lonse likuphwanya. Namwino wotopa, yemwe kunja kukumudikira anthu ena 50, amamva za mutu ndi thupi, n'kumupatsa Panado. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda adayambira pa mawu a anthu eni ake, kufungisisa, kumene kuli kuganiza kwambiri m'Chishona. Adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa kiliniki n'kumamvetsera ndi kuthandiza munthu kumasula mavuto ake limodzilimodzi. Zotsatira za kafukufuku wa Friendship Bench zitatuluka mu 2016, zidasonyeza kuti patatha miyezi 6, mwa okhala pabenchi 14 okha mwa 100 ndiwo adali ndi zizindikiro za kukhumudwa, poyerekeza ndi 50 mwa 100 mwa olandira chithandizo cha masiku onse. Ku Malawi, cha m'ma 2014, bungwe la Farm Radio International ndi Dr Stan Kutcher wa ku Canada atayamba ntchito ndi achinyamata kudzera m'pulogalamu ya pawailesi ya Nkhawa Njee, adayamba ndi kufunafuna dzina la matendawa m'Chichewa, ndipo mawu akuti matenda okhumudwa adafala kuchokera m'ntchito ngati zimenezo. Ena amati dzinali n'lopepuka, poti munthu amakhumudwa ngakhale timu yake ikagonja. Akunena zoona, komabe dzina lopereweza liposa kusowa dzina.

Ndalama ndi maganizo

Pali chizolowezi, makamaka m'misonkhano ya mabungwe, chokamba za thanzi la m'maganizo ngati kuti yankho lake lonse ndi uphungu. Kafukufuku wa ku Zomba adaonetsa mbali ina. Mu 2008 ndi 2009 atsikana ena a m'bomalo ndi mabanja awo ankalandira ndalama pang'ono mwezi ndi mwezi. Sarah Baird, Jacobus de Hoop ndi Berk Özler adalemba mu 2013 kuti pakati pa atsikana a pasukulu, kuvutika m'maganizo kudachepa kwambiri nthawi imene ndalamazo zinkabwera, ndipo phindulo lidazimirira ndalamazo zitasiya. Palibe mlangizi amene adalankhula nawo. Chidasintha ndi chakuti panyumba padali sopo, chakudya ndi mtendere.

Phunziro limeneli likaikidwa pa Rustenburg limaopsa. Kuyambira Januwale mpaka Juni 2014, antchito pafupifupi 70,000 a bungwe la AMCU sadalandire malipiro. Mabanja adagulitsa katundu, ena adabweza ana kumudzi pakati pa chaka cha sukulu, ndipo akatapira, amene kumeneko amawatcha mashonisa, adakolola. Mitengo ya zitsulozi itagwa, Sibanye-Stillwater, imene idagula Lonmin mu 2019, idalengeza mu Okutobala 2023 kuti ntchito zoposa 4,000 zili pachiswe. Anglo American Platinum idatchula 3,700 mu Febuluwale 2024, ndipo Impala idatchula 3,900 mu Epulo. Kumayambiriro kwa 2025, nthambi ya boma yowerengera anthu idati mwa achinyamata a zaka 15 mpaka 24 ofuna ntchito m'dzikolo, oposa 60 mwa 100 adalibe ntchito. Mtengo wa pulatinamu umalengezedwa tsiku ndi tsiku ku London, ndipo kukwera ndi kutsika kwake kumafika mpaka m'mbale ya mwana wa ku Boitekong. Ana a ophedwa ku Marikana adathandizidwa ndi thumba la maphunziro la Sixteen-Eight Memorial Trust, ndipo n'chinthu choyamikika. Koma fizi ndi mbali imodzi chabe ya umasiye, makamaka kwa mwana amene mayi ake adachoka kumudzi kukalowa ntchito pakampani pomwe bambo ake ankagwira.

Wopezeka ndi vuto apite kuti? Sumaiyah Docrat, Crick Lund ndi anzawo adawerengera ndalama za boma za chaka cha 2016/17 n'kupeza kuti matenda a maganizo adalandira 5 peresenti ya ndalama zonse za zaumoyo, ndipo 86 peresenti ya gawo limenelo idathera pa odwala ogonekedwa m'zipatala. Pa nthawiyo zigawo zitatu zokha mwa 9 ndizo zidali ndi dokotala wa matenda a maganizo a ana m'zipatala za boma, ndipo North West sichidali chimodzi mwa izo. Boma lidatulutsa ndondomeko yatsopano ya 2023 mpaka 2030 imene imatsindika za chithandizo cha pafupi ndi anthu. Chitsanzo chake chili m'chigawo chomwecho: m'boma la Dr Kenneth Kaunda, kumene kuli Klerksdorp, ntchito ya kafukufuku ya PRIME idaphunzitsa anamwino a m'makiliniki kuzindikira kukhumudwa ndi kutumiza odwala kwa alangizi wamba ophunzitsidwa. Idalunjika kwa akuluakulu odwala matenda a mgonagona, koma njira yake ndi yomwe dera la migodi likuisowa kwa achinyamata.

Makampani a migodi amadziwa kuyeza. Lamulo la Mine Health and Safety Act la 1996 limawakakamiza kuyeza fumbi, phokoso, makutu ndi mapapo a wantchito nthawi ndi nthawi. Lamulo la migodi la 2002 limawafunanso kukhala ndi ndondomeko yotukulira madera owazungulira, imene imakonzedwanso pakatha zaka zisanu zilizonse. M'ndondomeko zoterezi mumakonda kulowa zinthu zimene nduna ingadule riboni: kalasi, msewu, holo. Palibe choletsa makhansala, mipingo ndi mabungwe a antchito kupempha kuti mulowenso ndalama zolipirira ofufuza oima paokha, ochokera ku North-West University kapena kwina, kuti atsatire achinyamata a m'derali, anyamata ndi atsikana, a pasukulu ndi osiya sukulu, nzika ndi alendo, komanso zolipirira alangizi oti ofunsidwawo akawapeze. Ofufuzawo asakhale olembedwa ntchito ndi kampani, chifukwa mwana wa wantchito sangaulule za kunyumba kwa munthu wovala chizindikiro cha abwana a bambo ake.

Kwa Amalawi, khomo lolowera lilipo kale. Magulu osonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi, mipingo ndi mizikiti amadziwa mnyamata aliyense kumene amagona, amadziwanso amene wasiya kubwera kumapemphero ndi amene wasiya kuimba foni kwawo. Wofufuza wolowera kudzera mwa iwo, wolankhula Chichewa kapena Chiyao, wosafunsa za pasipoti, angatsegulidwe zitseko zimene ena amazipeza zotseka. Zida zakenso zilipo. Robert Stewart ndi anzake adayesa mafunso a SRQ m'Chichewa ku Thyolo, ndipo mu 2019 Michael Udedi ndi anzake adatulutsa zotsatira za kuyesa mafunso a PHQ-9 m'Chichewa pakati pa odwala shuga. Onsewa adayesedwa pa akuluakulu, choncho pafunika kuwayesanso pa achinyamata asanawakhulupirire. Mafunso a PHQ-9 ndi 9 okha, ndipo lomaliza limafunsa ngati munthu wakhala akuganiza kuti kuli bwino atafa kapena kudzivulaza. Wofunsa funso limenelo m'chisakasa cha ku Nkaneng ayenera kukhala atadziwiratu kumene apite naye woyankha kuti inde tsiku lomwelo: kwa namwino wa kiliniki yapafupi, ku chipatala cha Job Shimankana Tabane mumzinda wa Rustenburg, kapena, ngati ali mwana, pa nambala yaulere ya Childline ya 116.